Chambiko Chimene Mwini Wake Sankalawa

Umphawi wa ku Joni umawawa kwambiri chifukwa umakupeza uli pakati pa anthu okhuta. Consolata ankagona m'kachisakasa ka malata ku Orange Farm, koma ntchito ankagwira ku Rosebank, kwa dona wina wonenepa ngati mtsuko. Donayo ankameza timakapisozi todula, ati muli tizilombo tabwino ta m'matumbo tomwe madokotala akufufuza ngati tingachepetse kunenepa. Ankameza tsiku ndi tsiku, thupi osasuntha.

Consolata zinkamupsetsa mtima. Ena kulipira kuti awonde, iye akuwonda ulere!

Nsanje inamufikitsa kwa a Binali, sing'anga wokhala kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu ku Marlboro. Anawapeza akupala mtsitsi ndi mpeni.

"Mukufuna tizilombo todya mafuta a anthu?" anafunsa a Binali, osadzutsa mutu. "Tilipo. Ta azungu timagona, tangati sitigona."

Anatsanulira m'botolo madzi oyera, olemera ngati chambiko.

"Iyi ndi mbewu. Muzithira mu mkaka, ugone, mawa lake mugulitse. Malamulo ndi awiri. Kapu yoyamba ya mtsuko uliwonse azimwa munthu wa magazi anu. Makasitomala tizilomboti tiziwadya pang'ono n'kusiya, koma mwa iyeyo ndiye mudzakhale mudzi wake. Lachiwiri, inu musadzalawe, ngakhale kunyambita chala."

"Nanga wa magazi angayo sadzafa?"

"Mayi, ine ndimagulitsa mbewu. Nyimbo za maliro sindidziwa."

Consolata ankakhala ndi mng'ono wake Esime, mtsikana wathupi, wosekaseka, yemwe anali atangofika kumene kuchokera ku Ntcheu. Anadzinamiza kuti thupi la Esime ndi lokwanira anthu awiri, kuchepako pang'ono sikungamuphe. M'mawa mwake anamupatsa kapu yoyamba, Esime n'kuthokoza.

Woyamba kugula anali dona uja. Mwezi usanathe masiketi anayamba kumuvuka, ndipo anzake anakhamukira kwa Consolata ngati ntchentche. Ntchito yochapa anaisiya. Anapeza nyumba ya mpanda, anagula galimoto, mabotolo ake anawamata mapepala okongola. Amene ankamutuma dzulo tsopano ankamuyimbira foni mochonderera.

Esime ndiye ankatha. Ankadya chakudya cha banja lonse n'kumalirabe njala. Anthu oyandikana nawo anayamba kunong'ona za matenda aja, koma kuchipatala anamuyeza osapeza kanthu. Ukakhala naye pafupi, m'mimba mwake munkamveka ngati chiswe chikudya denga.

Tsiku lina chisoni chinamugwira Consolata, ndipo kapu yoyamba anaitaya m'sinki. Mkaka wonse unasanduka wofiira, wonunkha ngati nyama yowola, makasitomala n'kubwerera manja ali m'khosi. Mawa lake anamumwetsanso Esime. Apa tisamunamizire kuti sankadziwa. Ankadziwa, anangokonda galimoto kuposa mwana wa mayi ake.

Lamlungu lina kunabwera Mose, mlongo wawo wamkulu, mwinimbumba, amene ankanyamula katundu m'mafakitale. Anapeza Esime ali pamphasa, mafupa okhaokha, pamkono pali zilonda za mano ake omwe. Consolata anali atamugwira chibwano, akumukankhira kapu kukamwa.

"Iwe Consolata, n'chiyani chimenecho?"

"Ndi mankhwala, achimwene. Ma probiotic, othandiza m'mimba."

"Sharp. Lawa kaye."

"Eish, achimwene, ine sindikudwala."

"Kaya ndi ku Ntcheu kaya ndi ku Joni, wopereka thobwa amayamba walawa yekha. Amayi anatiphunzitsa tonse. Lawa!"

Esime anatsegula maso. "Achimwene," ananong'ona, "chiyambire sanalawepo."

Consolata anamugenda Mose ndi kapu kumaso n'kuthamangira kuchitseko. Mose, magazi akuchucha pachipumi, anamukoka tsitsi n'kumumenyetsa pansi. Anamuponda pachifuwa ndi bondo, natenga mtsuko wonse. Consolata analuma mano, anakanda, anaponya miyendo, koma mkono wonyamula matumba a simenti suseweredwa. Mlomo wa mtsuko unamugulula dzino, chambiko chinalowa pamodzi ndi magazi, iye n'kumeza.

Esime sanapulumuke. Anamwalira madzulo a tsiku lomwelo, mutu uli pamiyendo ya Mose.

Tizilombo tija tinali titapeza mwini wake. Consolata anadya zonse za m'firiji, nyama yaiwisi, mafuta ophikira, mpaka sopo. Anathamangira ku Marlboro, koma a Binali anali atasamuka, pakhomo pangotsala makungwa a mitsitsi. Anabwerera akukuwa m'msewu kuti tizilombo tikumutafuna, anthu n'kumamuthawa.

Atafika kunyumba anatenga mpeni wa kukhitchini kuti atitulutse yekha. Oyandikana nawo atathyola chitseko anamupeza chagada m'thamanda la magazi, mimba ili yasa, manja onse awiri ali m'kati.

Mose anakweza mabokosi awiri pa ngolo imodzi yokokedwa ndi galimoto yopita ku Malawi. Atafika ku Ntcheu, onyamula maliro anayang'anana, wina n'kufunsa ngati m'mabokosimo munalidi anthu.

Chuma chimene sungachilawe pamaso pa abale ako usachilowetse m'nyumba. Dyera limayamba kudya m'bale wako, koma silikhuta mpaka litadya iwe mwini.