Isaura Atsikira ku Muloza

Isaura ankafuna kusambira mumtsinje.

Isaura anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali kufupi ndi Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Ankakhala ndi Papa António, Mama Januária ndi mkulu wake, Mana Francisca.

Miyendo ya Isaura sinkayenda. Inafooka iye atadwala ali wakhanda. Koma mikono yake inali yamphamvu. Inali yamphamvu zedi!

Isaura ankayenda ndi manja. Papa anali mmisiri wa matabwa. Anamusemera timatabwa tiwiri togwira m'manja. Go! Go! Go! Isaura wafika pakhonde. Go! Go! Go! Isaura wafika kukhola la nkhuku.

Loweruka lililonse Mama ndi Francisca ankakachapa ku mtsinje wa Muloza. Francisca ankabwera tsitsi lili lonyowa.

"Mana, madzi a kumtsinje ndi otani?" anafunsa Isaura.

"Ndi ozizira," anatero Francisca. "Ukagona pamwamba pake, amakunyamula."

"Nanga tsidya linalo kuli chiyani?"

"Kuli Malawi. Kuli minda ya tiyi."

Isaura anayang'ana beseni lake losambira. Linali laling'ono. Madzi a m'beseni sanyamula munthu.

"Mama," anatero Isaura, "Loweruka ndipita nawo."

Mama anapukusa mutu. "Ayi, mwanangu. Kumtsinje n'kutali. Manja ako angatuluke matuza. Ndiponso kunja kuno sikuli bwino."

Inali nthawi ya nkhondo. Sukulu inali yotseka. Magalimoto sankayenda mumsewu. M'tchire munali mabomba okwirira pansi. Anthu ankawatchula kuti mamina.

Kanjira ka kumtsinje kanali kamodzi kokha. Anthu ankadutsamo tsiku ndi tsiku. Kanjirako kanalibe mamina, koma kanali kakang'ono. Ana onse ankadziwa lamulo lake. Ponda pamene aponda ena. Usaponde pa udzu.

"Ndidzakubereka kumbuyo," anatero Francisca.

"Ayi, Mana," anatero Isaura. "Inu mumasenza mtolo wa zovala. Ine sindine mtolo. Ndiyenda ndekha."

M'mawa mwake Papa ankacheka chipika cha mbawa. Kachidutswa kozungulira kanagwa pansi. Kanagubuduka. Kanagubuduka. Kanadzaima pa bondo la Isaura.

Isaura anakakankha. Kanapita. Anakakankhanso. Kanapitanso. Isaura anamwetulira.

"Papa, ndipangireni karinyu."

"Karinyu kotani, mwanangu?"

"Kangolo kakang'ono. Thabwa limodzi. Magudumu anayi. Ine ndizikhala pamwamba. Ndizipalasa ndi timatabwa tanga."

Papa anakanda kumutu. "Thabwa ndili nalo. Magudumu ndisema. Koma misomali ndilibe. M'masitolo mulibe kanthu."

"Misomali ilipo," anatero Isaura. "Ili pa chitseko chakale, kuseri kwa khola. Ilipo isanu ndi itatu. Ndinaiwerenga."

Papa anaseka. "Iwe umaona zinthu zimene ife sitiona!"

Papa anazula misomali ija. Inali yopindika. Isaura anaiwongola ndi mwala. Kho! Kho! Kho! Papa anasema magudumu. Anachotsa zitsulo ziwiri pa bedi lakale. Anazilowetsa m'magudumu.

Patapita masiku atatu, karinyu kanatha.

Isaura anakwera. Anapinda miyendo yake bwinobwino. Anagwira timatabwa take. Anapalasa kamodzi. Karinyu kanayenda! Anapalasa kawiri. Nkhuku zinathawa!

"Mama, taonani! Loweruka ndipita nawo!"

Mama anayang'ana karinyu. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Karinyu aka n'kotambalala," anatero Mama. "Kanjira n'kakang'ono. Magudumu aponda pa udzu. Ayi, Isaura."

Isaura sanalire. Anatola kamtengo. Anakapereka kwa Francisca.

"Mana, mukapita kumtsinje mukayeze kanjira. Mukayeze pamene pali popanikiza zedi. Mukathyole kamtengoka pomwepo."

Loweruka Francisca anapita. Anabwera ndi kamtengo kothyoka. Isaura anakaika pa karinyu. Mama ananena zoona. Kamtengo kanali kakafupi. Karinyu kanali kotambalala.

"Papa, chekani apa. Chekaninso apa."

Papa anacheka uku. Anacheka uko. Tsopano karinyu kanachepa kuposa kamtengo.

Isaura anajambula mizere iwiri pabwalo. Mizereyo inali ngati kanjira ka kumtsinje. Inayambira pakhonde. Inakhota pa mtengo wa mango. Inakathera kukhola.

"M'kati umu ndi m'njira," anatero Isaura. "Kunjaku ndi pa udzu."

Lolemba gudumu linadumpha mzere. Isaura anayambiranso.

Lachiwiri gudumu linaponda mzere. Isaura anayambiranso.

Lachitatu mikono inamuwawa. Anapuma pang'ono. Kenako anayambiranso.

Anaphunzira kukhota. Anaphunzira kuima. Poima ankakanikiza timatabwa pansi mwamphamvu.

Lachisanu anapita kukhola. Anabwerera pakhonde. Anapitanso. Anabwereranso. Anachita zimenezi kakhumi. Gudumu silinakhudze mzere.

Mama ankapeta chimanga. Koma maso awo sanali pa lichero. Kenako anaika lichero pansi.

"Mawa tinyamuka dzuwa likangotuluka," anatero Mama.

Loweruka linafika. Papa anali patsogolo. Isaura anali pakati. Francisca anali pambuyo pake, mtolo uli pamutu. Mama anali kumapeto.

Gudu! Gudu! Gudu! Karinyu kanalowa m'kanjira.

Anadutsa munda wa chinangwa. Anadutsa nthochi. Isaura anaona chulu chachitali kuposa Papa. Anaona gulugufe wachikasu. Anaona buluzi akuwotha dzuwa pamwala. Zonse zinali zatsopano.

"Magudumu ali kuti?" ankafunsa Mama.

"Ali m'njira, Mama!" ankayankha Isaura.

Anafika pa chitunda. Karinyu kanalemera. Isaura anapalasa. Thukuta linatsika pachipumi.

"Ndikukankhe?" anafunsa Francisca.

"Dikirani, Mana."

Isaura anapalasa. Anapalasanso. Anafika pakati pa chitunda. Apo gudumu linakodwa pa muzu.

"Tsopano ndikankheni, Mana. Pang'ono pokha."

Francisca anakankha pang'ono. Gudumu linadumpha muzu. Pamene panatsala, Isaura anamaliza yekha.

Pamwamba pa chitunda anaima. Kanjira kankatsetsereka. Kumunsi kankakhotera kumanzere. Kutsogolo kwa pokhotapo kunali udzu wautali.

Papa anamanga chingwe cha luzi kumbuyo kwa karinyu.

"Francisca, gwira chingwechi," anatero Papa. "Muzitsika pang'onopang'ono. Ine nditsogole ndikaone njira."

Papa anatsika. Anakhota. Sankaonekanso.

Isaura anayamba kutsika. Francisca anagwira chingwe. Anatsika pang'ono. Anatsikanso pang'ono.

Phwa! Chingwe chinaduka.

Karinyu kanathamanga. Gudugudugudu! Mphepo inawomba m'makutu mwa Isaura. Udzu wautali unkayandikira.

"Isaura!" anakuwa Mama.

Isaura anakanikiza timatabwa pansi. Fumbi linati koboo! Mikono inanjenjemera. Iye sanasiye. Anakanikiza kwambiri dzanja lamanzere. Karinyu kanakhota. Kanakhota. Kanaima.



Papa anabwera akuthamanga. Mama anafika nagwada. Anagwira nkhope ya Isaura. Anagwira mikono yake.

"Basi," anatero Mama. "Tiyeni tibwerere kunyumba."

"Mama, taonani magudumu," anatero Isaura.

Mama anayang'ana. Anawerenga. Limodzi, awiri, atatu, anayi. Onse anali m'njira.

"Mtima wanga ukugunda," anatero Mama.

"Wanganso ukugunda, Mama. Koma tamverani."

Onse anamvetsera. Kumunsi kunkamveka phokoso. Waaa! Waaa!

"Ndi madzi amenewo?" anafunsa Isaura.

"Ndi madzi," anatero Mama.

Mama anapukuta m'maso. Anatsitsa mtolo pamutu pa Francisca. Anasolola kapulana yawo, nsalu yolimba ya maluwa ofiira. Anaimanga kumbuyo kwa karinyu.

"Iyi siduka," anatero Mama. "Ndigwira ndine. Tiye, mwanangu."

Gudu! Gudu! Gudu! Anatsika pang'onopang'ono. Udzu unatha. Mchenga unayamba.

Isaura anaona mtsinje.

Unali waukulu. Unali wowala. Madzi ankadumpha pamiyala. Tsidya lina kunali minda ya tiyi, yobiriwira biriwiri. Kuseri kwake kunali phiri la Mulanje, mutu uli m'mitambo.

Amayi amene ankachapa anasiya kuchapa.

"Eee! Basi yayambanso kuyenda?" anafunsa mmodzi. Anali Titiya Constância, mng'ono wawo wa Mama.

"Yayamba, Titiya," anatero Isaura. "Koma mpando ndi umodzi!"

Amayi onse anaseka. Ena analuluta.

Isaura anatsika pa karinyu. Anasiya timatabwa take. Anayenda ndi manja pamchenga. Mchenga unali wofunda. Kenako zala zake zinakhudza madzi.

"Iii! Kuzizira!"

Analowa mpaka m'zigongono. Analowa mpaka m'mapewa. Papa anapinda buluku nalowa naye. Anasankha malo odekha, kuseri kwa mwala waukulu.

"Gona chafufumimba," anatero Papa. "Dzanja langa lili pansi pa mimba yako."

Isaura anagona pamadzi. Miyendo yake inayandama. Inapepuka ngati nthenga.

"Tsopano palasa," anatero Papa.

Isaura ankadziwa kupalasa. Anaponya mkono uwu. Anaponya mkono uwo. Madzi analowa m'mphuno. Anatsokomola. Anaseka. Anayambiranso.

Mkono uwu. Mkono uwo. Mkono uwu. Mkono uwo.

"Papa, musandisiye!"

"Tatembenuka uone," anatero Papa.

Isaura anatembenuka. Papa anali kutali. Manja awo onse awiri anali m'mwamba.

"Ndakusiya kalekale," anatero Papa.

"Ndikusambira! Mama, ndikusambira!"

Francisca anadumphira m'madzi. Phava! Anasambira pambali pa mng'ono wake. Anapikisana mpaka pamwala. Francisca anafika poyamba. Isaura anafika pambuyo pake, akupuma wefuwefu.

"Tibwerezenso, Mana!"

Mama anaima m'mphepete. Anagwira malaya a Papa m'dzanja limodzi. M'dzanja lina anagwira mwala wochapira.

"Mama, bwerani!" anaitana Isaura.

"Ine? Ndine wamkulu. Ndadzera kuchapa."

"Bwerani, Mama! Ndikuphunzitsani!"

Mama anayang'ana zovala. Anayang'ana ana awo. Anaika malaya pansi. Anaika mwala pansi. Analowa m'madzi ndi zovala zomwe.

Isaura anawawaza madzi kumaso. Mama anakuwa. Kenako anabweza. Papa anabisala kuseri kwa mwala, koma Francisca anawapeza.

Tsiku limenelo zovala zinabwerera kunyumba zosachapa. Palibe amene anadandaula.