Fumi ndi Lonjezo la Agogo

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mapiri, munali mtsikana dzina lake Fumi. Fumi ankakhala ndi agogo ake awiri. Tsiku lina, Agogo Genzo anakana kudya. Ankangoyang'ana phiri.

"Agogo, chavuta n'chiyani?" anafunsa Fumi.

"Mtengo wa sakura wachita maluwa," anayankha. "Tsiku la ukwati wathu, ndinawalonjeza agogo akowa. Ndinati, 'Toyo, chaka chilichonse ndidzakufikitsa pansi pa sakura wa paphiri.'"

Agogo Toyo sankayenda. Miyendo inawafooka kalekale. Chaka chilichonse, Agogo Genzo ankawabereka. Koma chaka chino msana unakana.

"Zisiyeni, bambo," anatero Agogo Toyo. "Mukufuna mukandigwetse ngati thumba la mpunga?"

Agogo Toyo anaseka. Kenako anapukuta misozi ndi mkono wa kimono, chovala chawo chachitali.

Fumi anaganiza. Anaganizanso. Anathamangira kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali kangolo konyamulira mpiru. Fumi anakatsuka. Anayalamo udzu wofewa.

"Agogo, kwerani!"

"Ine ndasanduka mpiru tsopano?" anatero Agogo Toyo. Koma anakwera.

Agogo Genzo anakoka. Fumi anakankha. Kwii! Kwii! Kwii!

Pakati pa phiri, kangolo kanatitimira m'matope. Anakoka, osasuntha. Anakankha, osasuntha. Mphepo inayamba kuwomba.

"Mayo ine," anatero Agogo Genzo. "Maluwa ayoyoka tisanafike."

Fumi anakuwa, "Tithandizeni! Tithandizeni!"

A Sanpei, wootcha makala, anatulukira m'nkhalango.

"Akuluakulu, katundu wanuyu ngwamtengo wapatali!" anatero akuseka.

Anatsamiritsa phewa pakangolo. Anakankha kamodzi. Anakankha kawiri. Kangolo kanatuluka!

Anafika pamwamba. Mtengo unali mbee ndi maluwa. Timaluwa tinagwera m'tsitsi la Agogo Toyo. Agogo Genzo anatichotsa kamodzikamodzi.

"Tafika, Toyo."

"Tafika, bambo. Zaka makumi asanu, simunaphonyepo."

Agogo Genzo anathokoza a Sanpei. Kenako anatembenukira kwa Fumi. Anawerama kwambiri mpaka chipewa chinagwa.

"Zikomo, mdzukulu wanga. Lero wandiombola."

Agogo Toyo anamasula kansalu. Munali timibulu ta mpunga. Aliyense analandira kamodzi. Fumi analandira tiwiri.

Fumi anakhala pakati pa agogo ake. Anadya mpaka mpunga unamatirira pamphuno.