Fita ya Lachisanu

Felizarda amakolopa pa ofesi ya bungwe lina la alimi a mbatatesi kuno ku Lichinga. Amakhala ku Namacula, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Nkhaniyi anaifotokoza kamodzi kokha, akuyanika matewera, ndipo sanaibwerezenso.

Unali mwezi wa Juni. Amene anakhalako kuno amakudziwa kuzizira kwake. Lachitatu m'mawa Felizarda anafuna kutenthetsa phala la mwana wake Cheila, wa miyezi khumi. Tomada ya kukhitchini, polumikizira magetsi paja, inali yakufa. Anatenga kachitofu kake ka magetsi n'kupita nako m'chipinda chaching'ono cha kumapeto, n'kukalumikiza pa bokosi lakuda limene limadyetsa moto kompyuta yaikulu ya ofesi. Kunamveka phuu! Kenako fungo la pulasitiki wopsa. Phala linakhala lozizira, kompyuta n'kufa.

M'kompyutamo ndi mmene munali mayina a alimi onse a ku Lione, mapu a minda yawo, ndi zithunzi za makalata awo a malo. Lolemba kunkabwera alendo a ku Maputo kudzaona zimenezo.

Shefi Marcelino, bwana wa pa ofesipo, sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Zinthu zikapanda kubwerera pofika Loweruka m'mawa, makiyi mudzawasiye pa tebulo langa, dona Felizarda."

Mwamuna wa Felizarda anapita ku Nampula chaka chatha, ndipo foni yake sigwira mpaka lero. Ntchito ija ndiyo inkamudyetsa iye ndi mwana.

Lachisanu madzulo, anthu ataweruka, kunafika Mauro, wokonza makompyuta wa m'tauni, atamangirira kompyuta ina kumbuyo kwa njinga yamoto. Felizarda anatsala kuti adzatseke. Anabereka mwana, n'kufunda kapulana yachiwiri, chitenje china, pamwamba.

"Ndinu ophika phala aja?" anatero Mauro akumasula zingwe. "Mwayi wanu, mana, mlongo wanga, makina a fita sanapse."

Fitazo ndi timabokosi takuda, tokula ngati chikhatho. Usiku uliwonse kompyuta ija inkadzikopera m'kati mwa fita imodzi. Mauro ankati imeneyo ndi imajemu, chithunzi cha m'mimba mwa kompyuta. Ikafa, umatenga chithunzicho n'kuchitsanulira mu ina yatsopano. M'kabati munali fita zitatu, m'makina imodzi. Iliyonse inalembedwa dzina la tsiku ndi dzanja labwino lachikale: Segunda, Terça, Quarta, Quinta, kutanthauza Lolemba mpaka Lachinayi.

Felizarda anaima pakhomo n'kumaona. Galasi la kompyuta linali bii, lopanda zithunzi, lopanda kamuvi. Panali zilembo zoyera zokha ndi kamzere kophethira. Mauro akalemba mzere umodzi n'kumenya batani lalikulu, kompyuta inkayankha ndi mizere yakeyake.

"Iyi imamva zolemba basi," anatero. "Ukaphonya chilembo chimodzi imakukanira ngati apongozi."

Makina anameza fita ya Lachinayi n'kuyamba kulira ngati chigayo cha kutali. Pagalasi panatsika mndandanda wa masiku. Mauro anasankha tsiku lomaliza n'kulembanso. Kompyuta inaganiza pang'ono, n'kulemba mzere umodzi, n'kuima. Kamzere kaja kanapitiriza kuphethira.

Mauro anatsonya.

"Ikufuna ya Sexta, ya Lachisanu."

"Izi sizikwana?"

"Izi ndi nthambi, mana. Zimangosunga zimene zasintha tsiku limenelo. Thunthu ndi ya Lachisanu. Popanda iyo, izi ndi zidole za mwana wanuyo. Ili kuti?"

Felizarda ankadziwa. Okolopa amadziwa zambiri kuposa mmene amafunsidwira.

Wosintha fita anali bambo Martinho, mtumiki wa pa ofesipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kompyuta sankaidziwa. Ankangodziwa kuchotsa fita ndi kuikamo ina. Koma ya Lachisanu sinkagona pa ofesi, kuopera kuti moto ukadzabuka zingapsere limodzi. Lachisanu lililonse, atadya chakudya cha madzulo, ankabwerera nthawi ya vinte ora, eyiti koloko ya usiku, fita ili m'thumba la m'kati la jekete lake lofiirira. Ankaiika m'makina, n'kukhala pa mpando kudikira. Ikatha ankaibweza m'thumba n'kupita kwawo. Jeketelo ankapita nalo ku tchalitchi ndi ku maukwati komwe, fita ili mommo, chifukwa kunyumba kunali adzukulu ogwiragwira.

Bambo Martinho anagwa pabwalo pawo Lachinayi la sabata yapitayo. Loweruka anawaika kumudzi kwawo ku Lione.

"Imbirani mkazi wawo," anatero Mauro, Felizarda atamufotokozera zimenezi.

Felizarda anaimba. Dona Esmeralda anayankha ndi mawu osasa, kumbuyo kukumveka nyimbo za amayi a mpingo.

"Pepani amayi, ndavutitsa pa nthawi yolira. Jekete lofiirira la bambo lija, lili kunyumba?"

"Lija? Tinawaveka. Ndi limene ankalikonda."

"M'matumba munayang'anamo?"



"Mwana wanga, ndani amapisa m'thumba la maliro?"

Mauro anamva zonse. Anagwira m'mutu n'kuseka, koma kuseka kwake kunalibe mano. Anaimbira shefi Marcelino katatu, osayankha.

"Ndikawapeze kunyumba. Kapena anasungako ina penapake." Anavala chipewa. "Kompyuta ndaisiya ikudikira. Fita ikanakhalapo, ntchito yonse yatsala ndi kuiika n'kumenya batani ili. Ngakhale inu mukanatha. Koma musakhudze kanthu, mana. Mwakhudza zokwanira."

Njinga inalira n'kumira m'nkhungu. Felizarda anakhoma chitseko ndi kiyi. Popeza analibe chochita, anakolopa khonde la m'kati kachiwiri. Kenako anakhala pa benchi ya alendo, mwana akugona kumsana.

Kunja kunali zii. Mitengo ya paini yokha ndiyo inkadontha madzi a nkhungu pa malata.

Kenako anamva.

Kwee. Kwee.

Munthu ankapala nsapato pa kachitsulo ka pakhomo.

Felizarda amawadziwa anthu a pa ofesipo ndi mapazi awo. Shefi amalowa ndi matope mpaka pa tebulo. Alimi amavula patapata n'kuzisiya panja. Amene ankapala nsapato pa kachitsulo kaja, phazi ili katatu, linalo katatu, anali munthu mmodzi yekha.

Anawerenga. Zinakwana zisanu ndi chimodzi.

Anayang'ana foni. Vinte ora ndi mphindi ziwiri.

"Odi."

Pa galasi losaonekera bwino la chitseko panali chithunzithunzi cha munthu wamfupi, phewa lina lotsika. Sanagogodenso. Anangoima, monga munthu wodziwa kuti amumva.

 Felizarda anaganiza zothawira ku chitseko cha kumbuyo. Anaganizanso za makiyi pa tebulo la shefi, ndi phala la mawa. Anamangitsa kapulana, n'kudzilemba mtanda, n'kutsegula.

Kumaso sanawayang'ane. Anayang'ana pansi. Nsapato zinali zakuda, za ku tchalitchi, zingwe zake zomangidwa mfundo ziwiri. Bambo Martinho sankamanga choncho. Munthu wina ndiye anawamangira.

"Bowa noite. Mwakolopa kale?"

"Ndakolopa, bambo."

Mawu ake anatuluka okha, ngati masiku onse.

Analowa. Anadutsa m'mbali mwenimweni mwa khoma, kuti asaponde ponyowa. Atamudutsa, Felizarda anamva fungo la dothi lokumba kumene. Anakweza maso pang'ono n'kuona msana wa jekete lofiirira. M'misoko ya m'mapewa munali dothi lofiira.

Anawatsatira chapatali mpaka pakhomo pa kachipinda kaja. Anawaona akudina batani la makina. Fita ya Lachinayi inatuluka, n'kuiika m'kabati pamalo pake, dzina likuyang'ana kunja. Kenako dzanja linalowa m'thumba la m'kati. Anaipukuta fitayo pa thalauza, mbali iyi ndi iyo, n'kuikankhira m'makina. Makina anaimeza.

Anakoka mpando wawo n'kukhala, manja pa mawondo.

Kamzere kaja kankaphethirabe. Palibe chinkachitika.

Felizarda anadikira. Iwo anadikiranso. Ndi pamene anazindikira kuti bambo Martinho sadzagwira batani la kompyuta lija. Sanaligwirepo ali moyo. Ntchito yawo inathera pomwepo.

Batani lija linali pafupi ndi chigongono chawo. Kuti alifike, Felizarda anayenera kulowa, n'kuwerama pamwamba pa phewa lawo. Anatero. Kuzizira kumene kunachoka pa jeketelo kunamulowa m'mano. Anamenya batani ndi chala chimodzi n'kubwerera chafutambuyo.

Chigayo chija chinayamba kulira. Pagalasi panabwera nambala. Wani. Patapita nthawi, thuu.

Anakhala pa benchi ya m'khonde, pamene ankatha kuona msana wawo ndi galasi lomwe. Sanafune kuwaona, komanso sanafune kuti asamawaone.

Nambala inkakwera pang'onopang'ono. Ikafika penapake inkaima, makina n'kubweza fita m'mbuyo, n'kuyambanso. Nthawi zonse ikaima, mtima wake unkaimanso. Ankaopa kuti chinyontho cha kumene fitayo yachokera chaiwononga. Ankaopanso kuti iwo atopa, aichotsa isanathe.

Sanatope. Sanakhosomole, chonsecho anali munthu wa chifuwa. Sanakande ngakhale khutu. Usikuwo kunazizira kwambiri moti mpweya wa Felizarda unkaoneka ngati utsi, wa mwana kumsana nawonso. M'kachipindamo munalibe utsi uliwonse.

Nambala itafika pa sesenta, ndiye kuti sikisite, Cheila anadzuka. Sanalire. Anasuzumira pa phewa la mayi ake, n'kutambasula kadzanja kuloza kuchipindako, monga ankachitira akafuna bisiketi. Felizarda anamutembenuzira kutsogolo mwamsanga n'kumupatsa bere, n'kumuphimba kumaso ndi kapulana.

Anayesa kuimbira Mauro. Foni inali yozima.

Kutali tambala analira. Patapita nthawi kunamveka kuitana kwa ku mzikiti. Nambala inali pa noventa e nove, itatsala imodzi kuti ikwane handiredi, ndipo inakhalitsa pamenepo. Kenako makina anasiya kulira. Pagalasi panatsika mizere itatu, kamzere kaja n'kuyambanso kuphethira. Fita inadzitulukira yokha theka.

Bambo Martinho anaimirira. Anaisolola, n'kuibweza m'thumba la m'kati, n'kupapasa pachifuwa kamodzi. Anabwezera mpando pansi pa tebulo. Anadutsanso m'mbali mwa khoma, ngakhale pansi panali pataumira kalekale.

"Mutseke bwino," anatero ali pakhomo.

Nkhungu inali yoyera tsopano. Felizarda sanaone kumene analowera, chifukwa sanayang'ane.

Mauro anafika kutacha, maso ali psuu. Anati shefi anali atapita ku Meponda, iye n'kuwalondola, njinga n'kumufera pa chitunda pobwerera.

"Palibe ina, mana. Pepani. Mukhoza kuyamba kulongedza tsache lanu."

Analowa m'kachipinda kuti azimitse kompyuta. Felizarda anamva mapazi ake akuima.

 Kenako kunamveka kulemba kofulumira. Mauro ankafunsa kompyuta kuti imuonetse zonse zimene yachita usiku, pakuti iyo imalemba chilichonse ndi nthawi yake. Anawerenga mokweza, ngati mwana wa sukulu.

"Vinte ora ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Fita yalowa. Dzina lake, Sexta."

Anatsegula kabati. Anayang'ana m'makina, pansi pa tebulo, ngakhale m'ndowa yokolopera.

"Fita ili kuti?"

"Apita nayo eni ake."

"Eni ake ati?"

 Mauro anayang'ana mpando uja. Pa nsalu yake, pamene pamatsamira mapewa, panali timizere tiwiri ta dothi lofiira. Sanaukhalirenso. Fita zinayi zotsalazo anazilowetsa ali chiimire, imodzi imodzi, zala zikuphonya zilembo. Pofika nove ora, naini koloko m'mawa, mayina onse a alimi anali atabwerera, mapu ndi makalata omwe.

Shefi Marcelino atafika anatsegula minda iwiri itatu, n'kugwedeza mutu. Za makiyi sanatchulenso. Sanafunse kuti fita inachokera kuti, ndipo Mauro sanawauze. Anakazinenera ku baraka ya mowa, atamwa, n'chifukwa chake Namacula yense akuzidziwa.

Anthu amanena zosiyanasiyana. Ena amati Felizarda anali ataibisa fitayo kuyambira kale, kuti adzaoneke wopulumutsa. Ena amanong'ona kuti ali ndi agogo ake ku Lione odziwa kuitana ogona, ndipo pa mpopi pali amayi awiri amene anasiya kumubwereka ndowa. Ofesi inagula fita ina ya Lachisanu, koma mpaka lero palibe amene wavomera kumapita nayo kunyumba. Amayi a ku tchalitchi ndiwo amati bambo Martinho anali munthu wachifundo, sanafune kuti mayi wa khanda achotsedwe ntchito.

Zimenezo Felizarda amazikana. Tsiku lija anafinya thewera lomaliza, n'kulikung'untha, n'kuliponya pa chingwe.

"Chifundo chanji?" anatero. "Usiku wonse sanandiyang'ane n'kamodzi komwe. Linali Lachisanu. Anabwera ku ntchito."