Mzere wa Kemunting

Madzi anali kale m'mawondo pamene tinatuluka m'mudzi, atatu: ine, mwamuna wanga Derahman, ndi azamba, Mak Wok. Kutsidya kwa chigwa cha mchenga mng'ono wanga Semek anali atayamba matenda dzulo lake, mwana osatuluka. Mvula ya Disembala inali itameza njira yonse.

"Tilunjike ku mitengo ija," anatero Derahman, akuloza nkhalango ya gelam, yoyera makungwa. "Pali mtengo waukulu pali mtunda."

"Za m'nyanja mumazidziwa, mwana wanga," anayankha Mak Wok. "Za kuno tisiyireni. Gelam amakonda thawale ngati njati."

Msodzi samva za nkhalamba. Sanapite patali, anamira mpaka m'khosi, thumba la mpunga lili pamutu. Chimene tinkayesa chipika chinagwedeza mchira. Tinamuponyera nsalu yanga n'kumukoka, ng'ona ili chakumbuyo kwake.

"Mpunga wanyowa?" ndinafunsa.

"Za ine simufunsa?"

"Inu muuma nokha."

Mak Wok anathothola tsamba pa chitsamba chofika m'chifuwa n'kuliika m'manja mwa Derahman. "Kemunting uyu. Mitsempha itatu, kunsi kotuwa, kwaubweya. Samera pamene madzi amagona. Amatsata msana wa mchenga wolimba basi. Dikirani mphepo."

Mphepo itawomba, masamba anatembenuka, ndipo pamwamba pa madzi ofiirira panaoneka mzere wotuwa, wokhotakhota, wolowera kumene tinkapita. Tinautsata, madzi osapitirira m'chiuno. Pamene unadukira, tinaima nthawi yaitali, mtima uli kwa Semek, mpaka ndinaona duwa limodzi lofiira patsogolo, lina lofwifwa pambali pake. Kemunting ndi wotero: duwa limatuluka lowala, likagona masiku limayera. Tinawolokera pomwepo titagwirana manja.

Njala itatiwawa tinathyola zipatso zake zakuda, zochepa zimene mbalame zinasiya. Derahman ankangokokota.

"Chepetsani, bambo," anatero azamba. "Mukhala sabata osapita kuthengo, ndipo ine zimenezo sindibereketsa."

Tinafika dzuwa litapendeka. Mwana anali atatsogoza miyendo. Mak Wok anasamba m'manja, natitulutsa tonse. Mpunga usanapse tinamva kulira.

Mwanayo ndiwe, Zaiton. Mayi ako ali moyo mpaka lero, akukangana nane za mchere. Ndimayamika Mulungu, ndimayamika Mak Wok kumanda kwake, ndiponso chitsamba chija.

Koma kuyamika kwanga kunali kwa pakamwa. Patapita zaka ziwiri ndinatentha kemunting yense kuseri kwa nyumba kuti ndidzale mavwende. Mphepo inanyamula mchenga wonse n'kuuthira pakhomo.

Tsono wandilembera kuti iwe ndi amuna ako mukufuna kulambula chigwacho. Limani, sindikukanizani. Koma mzere wa pamsana uja musaukhudze. Madzi adzabweranso, ndipo wina adzafuna azamba. Iwe uchite bwino kuposa ine.