Nyimbo Imene Inafika ku Dedza

Anastazia anali asanamalize n'komwe mzere woyamba pa chitoliro chake cha sakisofoni pamene chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali bambo ake, a Cornelio, akadali mu yunifomu ya kuntchito, maso ali psuu.

"Iwe, chipongwe chanji ukuchita ndi nyimbo ya maliro?"

"Ya maliro? Adadi, imeneyitu ndi jazi. Ndikaimba ndekha pa konsati ya kusukulu Lachisanu."

"Jazi wa chiyani? Nyimbo imeneyi tinaimba poika agogo ako ku Dedza. Ndiye iwe uziidumphitsa ngati ya m'bala? Za Lachisanuzo uiwale."

Mutu wa Anastazia unaima. Miyezi iwiri yathunthu akuyeserera! Ngakhale mbiri ya nyimboyo anaifufuza yekha, aphunzitsi mpaka kumuyamikira pamaso pa kalasi yonse. Inali nyimbo yachikondi yakalekale, ya mnyamata wodandaula kuti bwenzi lake lakwera sitima n'kumusiya. Inatchuka pa wailesi zaka pafupifupi handiredi zapitazo, kenako oimba jazi anaitola, aliyense n'kumaipinda m'mene akufunira, wina moithamangitsa, wina moikoka. Nanga ku Dedza inakafikako bwanji?

Anawaonetsa bambo ake zonsezo pa foni, koma iwo anangoti, "Intaneti imanama." Kenako bambowo anaiimba motsitsa, mawu ake a Chichewa, opempha Mulungu kuti alandire mzimu wa womwalira. Abale inu, chuni chake chinali chomwecho ndendende! Anastazia anayamba kuopa kuti mwina zonse analemba kusukulu zija ndi bodza.

"Ngati sukukhulupirira, tikafunse mwini wake," anatero a Cornelio.

Lachitatu ataweruka, onse awiri anakwera basi kwawo ku Clondalkin, ku Dublin, kukaona Bambo Augustine, wansembe wa ku Ireland konkuno amene anatumikira ku Dedza zaka sate n'kuphunzitsako anthu nyimboyo. Tsopano ankakhala m'nyumba ya ansembe okalamba ku Crumlin, koma Chichewa chinali chikadali pakamwa. A Cornelio anafotokoza mlandu wonse. Anastazia anatulutsa sakisofoni n'kuimba mizere iwiri.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ogo! Lero ndagwidwa," anatero akupukuta misozi. "A Cornelio, mwanayu sakunama. Nditangofika kwanu, kwaya inkafuna nyimbo ya maliro, ine kupeka chuni osadziwa. Ndinatenga imene bambo anga ankavina ndi mayi anga m'khitchini kuno ku Dublin. Ndinaichedwetsa, n'kuikamo mawu a pemphero. Anthu ataikonda, ndinachita manyazi kuulula."

A Cornelio anayang'ana wansembeyo, n'kuyang'ana mwana wawo, kukamwa kuli yasa.

"Abambo, mukutanthauza kuti mayi anga tinawaika m'manda ndi nyimbo ya zibwenzi?"

"Eya. Kodi simunkawakonda?"



M'basi pobwerera a Cornelio ankangoyang'ana mvula pawindo. Anastazia sanasangalale kuti wapambana, ayi. Anamva chisoni, ngati wawalanda bambo ake chinthu chimene anachisunga mumtima kuyambira tsiku la maliro. Mwina kunali bwino akanangosankha nyimbo ina.

"Adadi, pepani. Ndikawauza aphunzitsi kuti sindiimba."

"Konsatiyo ikuyamba nthawi yanji?"

"Hafu sikisi."

"Ndikapempha kuweruka msanga." Kenako anapukusa mutu. "Ine zandisokoneza, mwana wanga. Sindikudziwa ngati ndikalire kapena ndikavine. Koma ukaiyambe pang'onopang'ono, kuti ndikawaimbireko kaye mayi anga. Ukatero ukaithamangitse m'mene ukufunira."