Zovala za Pamtsetse

Tsiku limene anakumana koyamba, Nickson anagwa ndi njinga pamaso pa Zodwa. Ankatsika mtsetse wamiyala wa ku Yofu, kuyeserera ntchito yake yoperekeza alendo okwera njinga m'mapiri. Tayala linaterereka, iye n'kukagwera m'munda wa chinangwa.

"Mwapweteka, achimwene?" anafunsa Zodwa akutula dengu.

"Nditaona inu ndinaiwala mabuleki," anatero Nickson, magazi ali chuchuchu pachigongono.

Zodwa anaseka, n'kumumanga balalo ndi mpango wake. Chaka cha 2008 chisanathe, awiriwo ankaitanana kuti "wapamtima."

Koma njingayo inkamusowetsa Zodwa mtendere. Sabata iliyonse, bala latsopano. Anachonderera mlongo wake Morgan, amene ankagwira ntchito ku Joni, mpaka anatumiza chipewa cholimba, zotetezera mawondo ndi zigongono, ndi chovala chotchinga chifuwa ndi msana.

Nickson anaziyesa, n'kukwinya nkhope. "Anzanga a ku Khuyu andiseka. Ndikuoneka ngati kamba."

"Ine ndikufuna kamba wamoyo, osati mnyamata wokongola wa m'bokosi."

"Chabwino, mayi wa ana anga. Ndikulonjeza, sindidzatsikanso phiri osavala."

Lonjezolo silinakhalitse. Lero, "Kukutentha." Mawa, "Malamba akundithina." Tsiku lina anatumiza meseji: "Duwa langa, ndavala zonse, usadandaule." Madzulo ake anabwera akutsimphina, bondo litasupuka.

"Zovala zija zili kuti?"

"Ndazisiya kuntchito."

Zodwa analuma mano. Kodi munthu wamkulu n'kumachita kumukakamiza kuti asafe?

Loweruka lina m'mawa, akupita ku Mbungo kwa azakhali ake, anaona njinga ikutsika pang'onopang'ono. Wokwerayo anali atavala zonse, kuyambira chipewa mpaka mawondo. Zodwa anazizindikira zovala zija. Kani wamva tsopano!

Njinga inaima. Wokwerayo anavula chipewa, tsitsi loluka n'kugwera m'mapewa. Anali Vanessa, mtsikana wolandira alendo kuntchito kwa Nickson.

Pambuyo pake Nickson ankabwera chothamanga. "Wapamtima, watsika bwino? Malamba sakukuthina?"

Ataona Zodwa anangoti njo.

"Zovalazi mwazitenga kuti, achemwali?" anafunsa Zodwa.

Vanessa anamwetulira mosadziwa kanthu. "Anandigulira ku Mzuzu. Akuti ndisakhale ndi chipsera pa tsiku la chinkhoswe chathu."

"Zodwa, dikira ndikufotokozere," anayamba Nickson.

"Ufotokoze chiyani? Ine kulira usiku ndi usana kuti usathyoke khosi, mlongo wanga kuzungulira masitolo a ku Joni, kani ndikuvekera mkazi wako?"

Vanessa anayang'ana Nickson, kenako Zodwa. Manja ake anayamba kumasula lamba wa pachifuwa.

"Musavule, achemwali," anatero Zodwa. "Mukamayenda ndi ameneyu mudzazifuna."

Anawalambalala n'kupitiriza ulendo wa ku Mbungo. Misozi anaigwira mpaka atakhota kuseri kwa mlambe.