Chitsekero cha Bwato la Twaibu

Twaibu atatha masiku anayi ku chilumba cha Maleri, kumene anapita pa bwato lalikulu la achimwene ake kukapha usipa, Eveles wa nyumba yoyandikana anangoti, "Paja Tausi, mkazi wogula nsomba uja, nayenso ali konko." Ananena uku akupeta mpunga, osadzutsa mutu. Hajara, mkazi wa Twaibu, ananyamula mwana wawo Jamila. Anamuyamwitsa mpaka anagona, n'kumusiya kwa Eveles yemweyo, n'kuvala chitenje chatsopano chimene ankasungira tsiku la Idi. Ankafuna akaone yekha ngati banja lake lidakali lake.

Padoko panalibe womuthandiza. Amuna anali panyanja, amayi anawakweza pa lole m'mawa kukayeserera magule a chipani ku boma. Bwato laling'ono la Twaibu linali pa ngolo yake ya matayala awiri. Hajara anali asanakwerepo, koma zaka zitatu ankaonerera ali pakhomo momwe mwamuna wake ankalitsitsira yekha. Anachotsa mwala wa kutayala. Anamanga chingwe cha bwato ku ngolo kuti lisathawe, n'kukankha chambuyo. Matayala analira, kenako anatitimira mumchenga. Anakumba ndi manja, n'kuyalapo bango.

"Bisimilahi," anatero, n'kukankha ndi phewa. Bwato linayandama.

Atadutsa mabango, mvuu inafwenthera kumanzere kwake, makutu okha ali pamwamba. Anasiya kupalasa mpaka inamira. Apo m'pamene anamva kuzizira kumapazi. Madzi! Anakankha ukonde wakale umene unali kumbuyo, n'kupeza bowo ngati chala chachikulu, madzi akutumphuka ngati kasupe. Anatseka ndi chidendene, koma akati apalase, phazi linkasuntha. Mwera nawo unali utayamba, mafunde akumenya m'mbali. Anaganiza za Jamila akudzuka, akufunafuna bere pachifuwa cha Eveles. Anang'amba chitenje cha Idi chija ndi mano, n'kuchipota, n'kuchikhomerera m'bowomo ndi chogwirira cha nkhafi. Kenako kupalasa, kukapa madzi ndi chigoba, kupalasanso, mpaka zikhatho zinatuluka matuza.

Anafika ku Maleri dzuwa lili pamutu. Amene anathamangira m'madzi kudzagwira bwato anali Tausi, Twaibu akubwera pambuyo pake.

"Mayi a Jamila! Mwabwera nokha? Mwana wadwala?" anafunsa Twaibu.

"Mwana ali bwino. Ndati ndidzaone usipa wosatha masiku anayiwu."

Tausi anasuzumira m'bwato, n'kugwira pakamwa. "Kalanga ine, achemwali, mwanyamuka opanda chitsekero? Paja amachichotsa kuti madzi a mvula azituluka. Chimakhala m'chitini cha girisi, pansi pa ngolo, kumbali ya tayala lakumanja lolira lija."

Ananena mwachifundo ndithu. Hajara anamuyang'ana nthawi yaitali. Iye, mwini nyumba, chitinicho sankachidziwa.

"Tayala lakumanja," anatero Hajara. "Mwalidziwa bwino."

Twaibu anayang'ana kunyanja. "Mwerawu ukukula. Tidikire ugwe kaye."

"Mwana wanga sanayamwe. Mukwera kapena mutsala?"

Twaibu anakwera. Anasema kamtengo, n'kukakulunga ndi chidutswa chomwe chija cha chitenje, n'kukhoma. Njira yonse ankangonena za mafunde: "Khalani pakati. Kapani uko." Hajara ankangokapa madzi. Mawere anali atauma gwa, mkaka ukudontha m'bulauzi.

Anapeza ngolo ili m'madzi momwe anaisiyira, mafunde ataikwirira mchenga mpaka theka la matayala. Anaikoka awiri, n'kukwezapo bwato. Twaibu atawerama kuti atenge chitini, Hajara anali atachitenga kale.

"Ndionetseni popaka."

Anamuonetsa. Hajara anatsuka mchenga, n'kupaka girisi ndi zala zamatuza zija, n'kuzunguza tayala lakumanzere mpaka linakhala chete. Lakumanja sanalikhudze.

"Nanga ilo?" anafunsa Twaibu.

"Lizilira choncho. Ndizimva mukamatuluka."

Pansi pa chitini panali chitsekero, chakuda, chokulungidwa ndi mphira. Anachipukuta, n'kuchimanga mfundo pa ngodya ya chitenje chong'ambikacho.

"Chimenecho malo ake ndi m'chitini, mayi a Jamila."

"Anali m'chitini. Mukafuna bwato, muzindifunsa."

Kwa Eveles, Jamila anali akulira. Hajara anathamanga, chitsekero chikumumenya pantchafu.